Kudzidziwa Kuti Ndiwe Yani: Mbiri ya Mayi Sojourner Truth

M'kope lino tikufuna tikambirane za moyo wa mayi ena a ku America amene anamwalira kalekale, m'chaka cha 1883. Mayiwa anabadwira mu ukapolo, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo sanadziwe kuwerenga kapena kulemba. Ngakhale zinali choncho, anapambana milandu m'makhoti a azungu, analankhula pamaso pa makamu a anthu m'madera ambiri, ndiponso anakumana ndi apulezidenti awiri a dziko lawo. Dzina limene amadziwika nalo ndi Sojourner Truth. Abale athu a Anglican ku America, a mpingo wa Episcopal, amawakumbukira pa 20 July chaka chilichonse, ngakhale kuti iwo sanali a mpingo umenewo.

Tikaulondola bwino moyo wawo tiona chinthu chimodzi: zochita za munthu zimachokera pa mmene iye amadzionera mumtima mwake. Pamene mayiwa ankadziona ngati katundu wa munthu wina, mphamvu zawo zonse zinkathera pokondweretsa munthuyo. Koma atazindikira kuti iwo ndi mfulu, ndi mayi wa ana awo, ndiponso ndi mtumiki wa Mulungu, anayamba kuchita zinthu zimene anthu ankati kapolo wamkazi sangazithe.

Mwana wogulitsidwa pamodzi ndi nkhosa

Mayiwa anabadwa cha m'ma 1797 m'boma la Ulster, m'chigawo cha New York, ndipo dzina lawo laubwana linali Isabella. Makolo a Isabella, James ndi Elizabeth, anali akapolo a banja la Hardenbergh, limene makolo ake anachokera ku Holland. N'chifukwa chake chilankhulo choyamba cha mwanayu chinali Chidatchi, osati Chingerezi. Akapolo a panyumbapo ankagona m'chipinda cha pansi pa nyumba ya mbuye wawo, mozizira ndi monyowa. James ndi Elizabeth anabereka ana khumi kapena kuposerapo, koma ambiri mwa iwo anagulitsidwa akadali aang'ono. Madzulo mayi ake ankamuuza Isabella za abale ake amene anatengedwa, ankamuphunzitsa pemphero la Ambuye m'Chidatchi, ndipo ankamuuza kuti kumwamba kuli Mulungu amene amamva munthu akalira kwa Iye. Chimenechi ndicho chuma chokha chimene makolowa akanatha kumusiyira.

Cha m'ma 1806, Isabella ali ndi zaka pafupifupi 9, mbuye wawo anamwalira ndipo katundu wake anagulitsidwa. Mtsikanayu anagulidwa pamodzi ndi gulu la nkhosa pa mtengo wa madola 100. Amene anamugula, John Neely, ankalankhula Chingerezi chokha, choncho mwanayu akatumidwa sankamva, ndipo ankakwapulidwa koopsa chifukwa cha kusamvako. Zipsera za zikwapuzo anakhala nazo moyo wake wonse. Anagulitsidwanso kawiri, ndipo m'chaka cha 1810 anafika m'manja mwa John Dumont, kumene anakhala zaka 16.

Wantchito wokhulupirika wa Dumont

Apa tiime pang'ono, chifukwa pali phunziro limene tingalidumphe mosavuta. Isabella anakula kukhala wamtali ndi wamphamvu kwambiri. Ankalima, ankakolola, ankachapa ndi kuphika, ndipo Dumont ankanyadira kwa anzake kuti kapolo wake wamkaziyu amagwira ntchito kuposa mwamuna. Mawu oyamikirawo ankamukoma Isabella, mwakuti ankadzipanikiza usiku ndi usana kuti ayamikiridwenso, mpaka akapolo anzake ankamunyoza. Atakula anafotokoza yekha kuti nthawi imeneyo ankamuona mbuye wake ngati mulungu, woona zonse ngakhale zobisika, ndipo ankakhulupirira kuti ukapolo ndi chinthu choyenera.

Anakwatiwa ndi kapolo mnzake dzina lake Thomas, ndipo onse pamodzi ana amene Isabella anabereka anali asanu: James, amene anamwalira ali wamng'ono, Diana, Peter, Elizabeth ndi Sophia. Anafotokozanso chinthu china chowawa, kuti nthawi zina mwana akamalirira chakudya ankamukwapula m'malo momutengera kachidutswa ka buledi m'khitchini ya mbuye mobisa, poopa kuti mwanayo angaphunzire kutenga za eni. Taonani amayi, mmene munthu amadzionera zimafika mpaka pa kaleredwe ka ana ake. Isabella sanali waulesi ndipo sanali woipa mtima. Khama anali nalo, kukhulupirika anali nako, koma zonsezi zinkapindulira munthu wina chifukwa iye anali asanadziwe mtengo wake.

Anachoka mbandakucha

Chigawo cha New York chinali chitakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo pang'onopang'ono. Akapolo obadwa lisanafike tsiku la 4 July 1799 anayenera kumasulidwa pa 4 July 1827. Dumont analonjeza Mayi Isabella kuti akapitiriza kugwira ntchito mokhulupirika adzawamasula kutatsala chaka chathunthu. Nthawi itakwana anasintha mawu, ponena kuti dzanja lawo limene linavulala linachepetsa ntchito yawo. Apa m'pamene maso awo anatseguka. Anaona kuti munthu amene ankamuyesa mulungu anali munthu wamba wosasunga lonjezo, ndipo anayamba kudziwerengera okha kuti kuyambira tsiku la lonjezolo iwo ndi mfulu.

Zimene anachita zikusonyeza mmene ankadzionera. Anayamba amaliza kupota ubweya wa nkhosa wolemera mapaundi pafupifupi 100, kuti pasapezeke wonena kuti anasiya ntchito panjira. Kenaka, chakumapeto kwa 1826, ananyamula khanda lawo Sophia ndi kaphukusi kakang'ono, n'kuchoka mbandakucha. Sanafune kuthawa pakati pa usiku ngati wakuba, chifukwa mumtima mwawo sankaba kanthu. Ana enawo anawasiya chifukwa lamulo linkawamangabe kuti atumikire mbuye mpaka atapitirira zaka 20.

Analandiridwa ndi banja la Isaac ndi Maria Van Wagenen. Dumont atawalondola, iwo anakana kubwerera. Pofuna kuthetsa mkangano, Isaac analipira madola 20 m'malo mwa miyezi ya ntchito imene inatsala. Anawauzanso kuti asamamutchule mbuye, popeza Mbuye wa onse ndi mmodzi. Ali pabanja limeneli, chikhulupiriro chawo chinazama. Anafotokoza kuti tsiku lina, mtima utayamba kulakalaka kubwerera kwa Dumont kukasangalala ndi anzawo pa chikondwerero cha nyengo ya Pentekoste, anazindikira mwadzidzidzi kuti Mulungu ali paliponse, ndipo anamudziwa Yesu ngati bwenzi loima pakati pa iwo ndi Mulungu. Sanabwererenso, ndipo anayamba kupemphera ndi a mpingo wa Methodist.

Mayi wake wa Peter

Posakhalitsa anamva kuti mwana wawo Peter, wa zaka pafupifupi 5, anagulitsidwa ndipo anatumizidwa kutali ku Alabama, kummwera kwa dzikolo, kumene akanakhala kapolo moyo wake wonse. Lamulo la New York linkaletsa kugulitsa mwana wotere kunja kwa chigawocho, koma eni akapolo ambiri ankaliphwanya popanda wowafunsa. Mayi Isabella anapita kwa mkazi wa Dumont kukafunsa za mwanayo, ndipo anasekedwa kuti akuvutikira chinthu chachabechabe, pomwe alibe ndi ndalama zomwe. Iwo anayankha kuti mwana wawo adzamulandiranso, popeza Mulungu ali nazo njira.

Sankadziwa kuti khoti limayenda bwanji. Anthu a mpingo wa Quaker, amene ankadana ndi ukapolo, anawapatsa malo ogona n'kuwalozera ku khoti la mu mzinda wa Kingston. Anayenda pansi maulendo ambiri, kufunsa uyu ndi uyu, mpaka dandaulo lawo linalembedwa, ndipo a Quaker aja anawathandiza ndi ndalama zolipira loya. Solomon Gedney, amene anagulitsa mwanayo, poopa chilango anakamutenga ku Alabama. M'chaka cha 1828 woweruza analamula kuti Peter aperekedwe kwa mayi ake. Mwanayu anafika ndi zipsera thupi lonse, ndipo chifukwa cha mantha anayamba wawakana mayi ake pamaso pa khoti, mpaka atamutonthoza. Mayi Isabella anakhala mmodzi mwa amayi akuda oyamba ku America kupambana mlandu wotere polimbana ndi mzungu. Zikalata za mlanduwu zinapezeka m'nkhokwe ya zolemba zakale za boma la New York m'chaka cha 2022.

Chinawalimbitsa n'chiyani? Lamulo linalipo kale, ndipo linali lomwelo kwa makolo ena onse amene ana awo anagulitsidwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti mayiwa anakana kumuona Peter ngati katundu wotayika wa Dumont. Anamuona ngati mwana wawo, ndipo iwo anadziona ngati mayi amene ali ndi udindo wofunsa. Komanso sanachite okha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo sanachite manyazi kupempha thandizo kwa odziwa njira.

Kusokera mu mzinda waukulu

Tisaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. M'chaka cha 1829 anasamukira mu mzinda wa New York pamodzi ndi Peter, ndipo ankagwira ntchito za m'nyumba. Njala yawo ya zinthu za Mulungu inawafikitsa kwa munthu wina dzina lake Robert Matthews, amene ankadzitcha mneneri Matthias. Munthuyu anasonkhanitsa omutsatira pamalo amodzi, ankalamulira chuma chawo ndi mabanja awo, ndipo ankaletsa amayi kulalikira. Mayi Isabella anaika ndalama zawo zimene anasunga m'gululi, ndipo ntchito zolemetsa za panyumbapo zinkagwera iwo. Tinganene kuti anapezanso mbuye wina womugwadira.

M'chaka cha 1834 mmodzi mwa akuluakulu a gululi, Elijah Pierson, anamwalira mokayikitsa ndipo gululo linapasuka. Banja lina la m'gulumo, la a Folger, linafalitsa nkhani yakuti Mayi Isabella ankathira anthu poizoni m'chakudya. Wantchito wakuda wosauka akanatha kungokhala chete, koma iwo anadziwa kuti mbiri yabwino ndiyo inali chuma chawo chokha. Anasonkhanitsa makalata a umboni kwa anthu amene anawagwirirapo ntchito, anakasuma kukhoti pa mlandu wowaipitsira dzina, ndipo m'chaka cha 1835 anapambana n'kulandira madola 125.

Chisoni china chinali cha Peter yemweyo. Atakula anayamba kuyenda ndi magulu oipa mu mzindamo ndipo anamangidwapo kangapo. M'chaka cha 1839 analowa ntchito pa sitima yapamadzi yosaka anamgumi. Mayi ake analandira makalata atatu okha. Sitimayo itabwerera m'chaka cha 1842, Peter munalibe, ndipo sanamvenso za iye. Mwana amene anamumenyera nkhondo kukhoti anatayika m'njira ina. Ambiri a ife tikudziwa ululu umenewu.

Dzina latsopano

Pa 1 June 1843, ali ndi zaka pafupifupi 46, anaika zovala zochepa m'thumba la pilo n'kutuluka mu mzinda wa New York wapansi. Anawauza amene ankawagwirira ntchito kuti Mzimu wawaitana kuti apite chakummawa kukalalikira, ndipo kuti dzina lawo silinso Isabella. Anadzitcha Sojourner, kutanthauza mlendo wongodutsa, ndi Truth, kutanthauza choonadi. Pambuyo pake anafotokoza kuti kapolo ankadziwika ndi dzina la mbuye wake, ndipo popeza tsopano Mbuye wawo anali Mulungu wa choonadi, anayenera kudziwika ndi dzina la Iyeyo. M'Baibulo timawerenga za Abramu, Sarai ndi Yakobo amene maina awo anasintha pamene ntchito yawo inasintha. Kwa mayiwa dzina latsopanoli linali ngati pangano: tsiku lililonse akaitanidwa ankakumbutsidwa kuti ntchito yawo ndi kuyenda ndi kunena zoona.

Anayenda m'midzi ya ku Long Island ndi Connecticut, kulalikira ndi kuimba pa misonkhano, kugona pamene alandiridwa ndi kugwira ganyu akasowa chakudya. Popeza sankatha kuwerenga, ankapempha ena kuti awawerengere Baibulo. Ankakonda kuwerengeredwa ndi ana, chifukwa akuluakulu ankawonjezera matanthauzo awoawo, pomwe mwana ankangobwereza vesi kangapo konse akapemphedwa, n'kuwasiya kuti alisinkhesinkhe okha.

M'chaka cha 1844 anali ku Northampton, m'chigawo cha Massachusetts, m'gulu la anthu odana ndi ukapolo amene ankakhala ndi kugwira ntchito pamodzi, akuda ndi azungu, amuna ndi akazi. Kumeneko anadziwana ndi atsogoleri monga William Lloyd Garrison ndi Frederick Douglass, amene nayenso anathawa ukapolo. Nkhani ina ya nthawi imeneyi ndi yofunika kuikumbukira. Usiku wina pa msonkhano wa chitsitsimutso wa m'matenti panafika chigulu cha anyamata achipongwe, atanyamula zibonga, akuopseza kuti atentha matentiwo. Mayi Truth anabisala kuseri kwa bokosi m'kona ya tenti, poganiza kuti popeza wakuda anali iwo okha, anyamatawo ayambira pa iwo. Ali chibisalire anadzifunsa ngati n'koyenera kuti mtumiki wa Mulungu wamoyo abisale. Anapempha ena kuti atuluke nawo koma onse anakana. Anatuluka okha, anakaima pa kachitunda n'kuyamba kuimba nyimbo ya kuuka kwa Yesu ndi mawu awo aakulu. Anyamatawo anawazungulira, anamvetsera, anapempha kuti aimbenso ndi kulalikira, ndipo pamapeto pake anachoka mwamtendere monga anapanganirana. Mantha anali nawo ndithu. Chimene chinawatulutsa kuseri kwa bokosi ndi kukumbukira kuti iwo ndi yani.

Mkazi wakuda pamaso pa makamu

Mbiri ya moyo wawo anaifotokozera mnzawo Olive Gilbert, amene anailemba, ndipo buku linatuluka m'chaka cha 1850. Mayi Truth ankaligulitsa okha pa misonkhano. Chaka chomwecho anagula nyumba pa ngongole ya madola 300, ndipo anamaliza kubweza m'chaka cha 1854. Munthu amene anagulitsidwa pamodzi ndi nkhosa anakhala mwini nyumba chifukwa chogulitsa mbiri ya moyo wake womwe.

Pa 29 May 1851 analankhula pa msonkhano wa ufulu wa amayi ku Akron, m'chigawo cha Ohio. Masiku amenewo anthu ankati mkazi ndi wofooka m'thupi ndi m'nzeru, choncho sayenera kuvota kapena kulankhula pagulu. Mayi Truth sanatsutse mfundoyi ndi mabuku koma ndi moyo wawo. Malinga ndi zimene analemba Marius Robinson, mnzawo amene analipo, iwo anati analima, anakolola ndi kudula mitengo mofanana ndi mwamuna aliyense. Anati ngati nzeru za mkazi zimadzaza kachikho kakang'ono pomwe za mwamuna zimadzaza chachikulu, palibe chifukwa chomuletsera mkaziyo kudzaza kake. Anakumbutsa anthu kuti Yesu sanakankhepo mkazi wobwera kwa Iye, anatchula za Mariya ndi Marita pa imfa ya Lazaro, ndiponso anati Yesu anabwera m'dziko kudzera mwa Mulungu ndi mkazi, popanda gawo la mwamuna. Ntchito yakalavulagaga ija ya kwa Dumont, imene kale inkangolemeretsa mbuye, tsopano inasanduka umboni womenyera ufulu amayi onse.

M'chaka cha 1858, pa msonkhano wina ku Indiana, anthu ochirikiza ukapolo anafuna kuwachititsa manyazi. Ponena za msinkhu wawo ndi mawu awo aakulu, anati iwo ndi mwamuna wovala zachikazi, ndipo anaumirira kuti akaonetse chifuwa chawo kwa amayi ena kumbali. Mayi Truth anachionetsa pamaso pa msonkhano wonse, n'kunena kuti mabere amenewo anayamwitsa ana ambiri a azungu pamene ana awo eni ankasowa, ndipo kuti manyazi a tsikulo anali a ofunsawo, osati awo. Munthu wodzidziwa salandira manyazi amene si ake.

Ena atafuna kuwalembera mbiri ina

Si adani okha amene anafuna kusintha chithunzi cha mayiwa. M'chaka cha 1863 anthu awiri owafunira zabwino anafalitsa nkhani zosalondola. Harriet Beecher Stowe, mlembi wotchuka, analemba ngati kuti iwo anachokera ku Africa, pomwe anabadwira ku New York. Frances Gage, amene anatsogolera msonkhano wa ku Akron, analembanso zimene mayiwa analankhula patapita zaka 12. Anawalankhulitsa ngati kapolo wa kummwera, pomwe iwo anakulira kumpoto akulankhula Chidatchi, ndipo anati anabereka ana 13, pomwe anali asanu. Mawu ambiri amene anthu amawatchula lero kuti ndi a Sojourner Truth amachokera m'zolemba za Gage zimenezi.

Mayi Truth sakanatha kulemba nkhani yotsutsa ndi dzanja lawo, koma anapeza njira ina. Ankajambulitsa zithunzi zing'onozing'ono n'kumazigulitsa kuti azipeza zosowa zawo, ndipo m'chaka cha 1864 analembetsa ku boma kuti umwini wa zithunzizo ndi wawo. Nthawi imeneyo zithunzi za akapolo oonetsa zipsera za kumsana zinkafalitsidwa kwambiri pofuna kukhudza mitima ya anthu. Iwo sanasankhe kujambulidwa motero, ngakhale zipsera anali nazo. M'zithunzi zambiri amaoneka atavala diresi yaulemu, shawelo ndi kansalu koyera kumutu, atavala magalasi, zoluka zili m'manja. Anafuna kuti dziko liwaone monga mmene iwo ankadzionera: mayi wolemekezeka, osati munthu womvetsa chisoni.

Nkhondo ndi zaka zotsiriza

M'chaka cha 1857 anasamukira ku Michigan, kufupi ndi tauni ya Battle Creek. Nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera, imene gwero lake linali ukapolo, inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865, chaka chimene ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo. Mdzukulu wawo James Caldwell analowa usilikali m'gulu la asilikali akuda, ndipo iwo ankasonkhanitsa chakudya chopatsa asilikali akuda ku Detroit. Pa 29 October 1864 anakumana ndi Pulezidenti Abraham Lincoln ku Washington. Anatsalira komweko kuthandiza anthu omasulidwa kumene ku ukapolo, makamaka pa mudzi wa Freedman's Village ku Arlington, kumene ankalangiza amayi za kusamala pakhomo ndi kudzidalira. Ana ena a pamudzipo akabedwa kuti akagwiritsidwe ntchito, iwo ankalimbikitsa amayi awo kuti tsopano ndi mfulu ndipo lamulo lili kumbali yawo. Ankanena zimene anaziona okha ku Kingston.

Mu 1865 lamulo linaletsa tsankho m'ngolo zonyamula anthu zokokedwa ndi akavalo mu mzinda wa Washington, koma makondakitala ambiri ankakanabe kunyamula anthu akuda. Mayi Truth, ali ndi zaka pafupifupi 68, ankakwera ndithu. Kondakitala wina atawakankha mpaka kuwavulaza paphewa, anakamusumira, ndipo munthuyo anamangidwa n'kuchotsedwa ntchito.

Sikuti zolinga zawo zonse zinatheka. Mu 1867 anachenjeza kuti amuna akuda akapatsidwa ufulu wovota amayi n'kusiyidwa, amunawo adzasanduka ambuye a akazi awo. Mu 1870 amuna akuda anapatsidwadi ufuluwo, amayi ayi. Mu 1872 iwo anapita kukavota ku Battle Creek koma anabwezedwa. Amayi a ku America anadzapatsidwa ufulu wovota m'dziko lonse mu 1920, iwo atamwalira kale. Anakhalanso zaka zingapo akuyenda ndi chikalata chopempha boma kuti ligawire anthu omasulidwa malo olima kumadzulo kwa dzikolo, chifukwa ankaona kuti ufulu wopanda munda ndi wosakwanira. Anakumana ndi Pulezidenti Ulysses Grant mu 1870, koma nyumba ya malamulo sinachitepo kanthu. Mdzukulu wawo Sammy Banks, amene ankayenda nawo ndi kuwawerengera makalata, anamwalira mu 1875. Komabe sanasiye kulankhula mpaka mphamvu zitatha, chifukwa kunena zoona sinali ntchito yoti aisiye ikapanda kubala zipatso msanga. Linali dzina lawo.

Anamwalira kwawo ku Battle Creek pa 26 November 1883, ali ndi zaka pafupifupi 86, ndipo anaikidwa m'manda a Oak Hill. M'chaka cha 2009 chosema cha nkhope yawo chinaikidwa ku Capitol, likulu la nyumba ya malamulo ya America, ndipo anakhala mayi wakuda woyamba kulemekezedwa motero kumeneko.

Tiphunzirapo chiyani?

Amayi, mavuto athu si ofanana ndi a Mayi Truth, koma funso limene iwo analimbana nalo limatipeza tonse. Pali maina ambiri amene anthu amatipatsa: wosaphunzira, wamasiye, wosabereka, wosiyidwa ukwati, wosauka. Dzina lotere tikalivomera mumtima, limayamba kutilamulira. Mayi amene wavomera kuti ndi wosaphunzira basi sadzatsegula pakamwa pa msonkhano ngakhale ali ndi mfundo yabwino. Wamasiye amene wavomera kuti alibe mawu adzangoyang'ana katundu wa ana ake akutengedwa. Zolinga zathu, kaya ndi kuphunzitsa mwana, kuyamba kabizinesi kapena kumanga nyumba, zimafera panjira nthawi zambiri osati chifukwa chosowa mphamvu, koma chifukwa mumtima tagamula kale kuti zoterezo si za anthu ngati ife.

Tionenso kuti kudzidziwa si kudzikuza. Mayi Truth anamaliza kupota ubweya asanachoke, anatsata njira ya lamulo, ndipo anapempha thandizo pamene sankadziwa. Mu 1849 anakamuchezera Dumont yemwe uja, ndipo anakondwa kumumva akuvomereza kuti ukapolo unali tchimo lalikulu. Kudzidziwa sikutetezanso munthu ku zolakwa zonse kapena ku chisoni, pakuti iwo anasokeretsedwa ndi mneneri wonyenga ndipo Peter anatayika. Koma akagwa ankadziwa pobwerera. Sikuti tonse tisinthe maina athu. Dzina tinalandira kale pa ubatizo, ndipo chotsalira ndi kukhala monga eni ake a dzinalo, pakhomo, kumunda, kumsika ndi pabwalo la milandu pomwe.

Pokumana m'magulu athu mwezi uno, tiyeni tikambirane mafunso awa. Kodi ndi maina ati amene anthu anatipatsa, ife n'kuwavomera, amene akutilepheretsa kuchita zimene tikanatha? Kodi ana athu, makamaka atsikana, timawaitana ndi mawu otani tikakwiya, ndipo mawuwo akuwaphunzitsa kuti iwo ndi yani? Nanga m'dera lathu ndani ali ngati Isabella pa khomo la khoti ku Kingston, wodziwa chimene akufuna koma wosadziwa njira, amene gulu lathu lingamuperekeze?

Ambuye akudalitseni nonse pamene mukusinkhasinkha zimenezi.